Mwana wamng'ono akafedwa: zimene taziona kusukulu ya mkombaphala

Maliro akagwa pakhomo, aliyense amakhala ndi pogwira. Adzukulu ali kumanda, amayi ali pamafuwa, a kwaya akuimba pasiwa, malume akuthamangira za bokosi. Wopanda pogwira ndi mwana wa zaka zinayi uja, amene mayi ake ndiwo agona m'nyumbamo. Amamutumiza kwa aneba kuti "asaone zambiri", amamupatsa chigumu m'manja, ndipo akafunsa amamuuza kuti amayi apita ku ulendo. Pakatha sabata ziwiri amatulukira kusukulu ya mkombaphala, ndipo zotsatira zake timakumana nazo ndi ife alezi. Zimene ndalemba pano ndi zomwe taziona zikubwerezeka pa ana a zaka 3 mpaka 6. Ndikulembera agogo, azakhali, abambo amene atsala okha ndi alezi anzanga, aliyense amene mwana wofedwa wagwera m'manja mwake.

Tiyambe ndi bodza la ulendo, poti ndilo limabala mavuto ambiri. Akuluakulu amalinena ndi mtima wabwino, poganiza kuti mwana aiwala. Saiwala. Mwana wosakwana zaka 5 sadziwa kuti wakufa sabwerera. Nzeru imeneyo imakhwima pang'onopang'ono, kwa ana ambiri pakati pa zaka 5 ndi 7. Koma ulendo amaudziwa bwino lomwe: wopita ku ulendo amabwerako, atanyamula kenakake m'jumbo. Ndiye amayamba kudikira. Mudzamupeza atakhala pamphambano, kabaza aliyense akadutsa iye dzambatu. Masiku akapitapo, kudikira kuja kumasanduka funso lowawa: andisiyiranji, ndinalakwanji? Kuyambira pamenepo azakhali akangoti "ndikupita kuchigayo", mwana amadzigwetsa pansi n'kulira ngati walumidwa ndi njoka, chifukwa wa ulendo woyamba uja sanabwerere.

Mawu ena ozembera nawonso ali ndi misampha yawo. Mukati "amayi agona", musadabwe akamakana kugona, kapena akamadzutsa agogo pakati pa usiku kuti aone ngati akupuma. Mukati "Mulungu wawatenga chifukwa anali munthu wabwino", mwana wina amakwiyira Mulungu, wina amaopa kuti nayenso akakhala wabwino atengedwa. Ngakhale mawu oona akuti "anadwala" sakwanira paokha, chifukwa mwana amamva kuti aliyense wotsokomola ali panjira ya kumanda. Ndipo mabodza onsewa amathera malo amodzi. Tsiku lina polimbirana chidole, mnzake amakalipa kuti, "Amako anafa, anawakwirira!" Uthenga umene unayenera kuchokera pakamwa pa munthu womukonda amaulandirira pa mkangano, anzake akuona, n'kuzindikiranso kuti akuluakulu onse a pakhomo anamunamiza.

Muuzeni msanga, tsiku lomwelo kapena mawa lake, asanamve kwa ena. Womuuza akhale mmodzi, amene mwana anamuzolowera ndiponso amene akhale naye masiku akubwerawa. Abusa angathe kukhalapo, koma asakhale iwo onena ngati mwana sawadziwa. Sankhani masana, mwana atadya, malo oduka mphepo kutali ndi kulira kwa pasiwa. Khalani naye pamphasa kuti maso anu ndi ake alingane. Mawu akhale ochepa, ndipo liwu loti "amwalira" litchulidwe ndithu:

"Ndikufuna ndikuuze nkhani yomvetsa chisoni. Amayi amwalira. Anadwala matenda aakulu kwambiri, osati ngati chimfine chako chija, ndipo thupi lawo lasiya kugwira ntchito. Sakupuma, sakudya, sakumva kuwawa ngakhale kuzizira. Sabweranso."

Mukatero khalani kaye chete. Nkhawa yoyamba ya mwana imakhala ya iye mwini, ndipo palibe cholakwika pamenepo: ndigona ndi ndani, andisambitsa ndani, phala aphika ndani. Muyankheni asanafunse n'komwe: "Iwe sunalakwe chilichonse. Ugona ndi ine. Mawa phala ndikuphikira ndine." Musalonjeze zosatheka monga "ine sindidzafa", kunena kuti "ine ndili bwino, ndipo tikusamalira ine ndi azakhali ako" n'kokwanira. Za chikhulupiriro ziikeni pamwamba pa zoonazo. Ngati banja lanu limakhulupirira kuti amayi ali kwa Mulungu, nenani, koma mufotokozenso kuti thupi lawo laikidwa m'manda. Mukapanda kutero mwana amasokonezeka: mwati ali kumwamba, nanga m'bokosi linalowa pansi lija munali ndani?

Musayembekezere misozi. Ana ambiri amangoti "chabwino", n'kufunsa ngati angapite kukasewera. Apa m'pamene akuluakulu amamulakwira kachiwiri, kumunena kuti ndi wouma mtima, kapena kuti "sakudziwa kanthu, musiyeni". Chisoni cha mwana chimabwera modukizadukiza: mphindi zisanu walira, kenako ali pa chipako, madzulo wayambiranso. Kamtima kake sikangasenze katundu yense ulendo umodzi. Adzafunsanso kuti "abwera liti?" mawa, mkuja, ndi mwezi wamawa. Sikuti sanamve, akuyesa ngati yankho lisinthe. Yankhani mofanana nthawi zonse, ndipo a pakhomo nonse mupangane. Agogo akati "amwalira", azakhali n'kuti "ali ku Joni", ntchito yonse yagwa.

Za kupita naye kumanda, miyambo imasiyana, ndipo m'midzi yambiri ana aang'ono safikako. Sindikuti mulimbane ndi mwambo tsiku la maliro. Akapempha yekha kuona nkhope ndipo eni maliro alola, muuzirenitu zimene akaone: amayi agonekedwa m'bokosi, maso ndi otseka, sayankha, thupi lazizira, ndipo anthu alira mokweza chifukwa cha chisoni, kulibe choopsa. Amugwire dzanja munthu amene si namfedwa weniweni, woti mwana akangoti "tiyeni" atuluke naye nthawi yomweyo. Akakana musamukakamize, ngakhale kumunyamula kuti "atsanzike". Ngati imfa inali ya ngozi ndipo nkhope inawonongeka, asaone. Kumene ana saloledwa, kapempheni kwa amfumu tsiku lina maliro atazizira kuti mukamuonetse mtumbira, poti kumanda sitilowako chilowelowe, kapena dikirani nthawi ya chiliza. Taona kuti mwana amene waonetsedwa malo enieni sachedwa kusiya kuyang'ana kumsewu.

Pali chinthu chimene mwana sanena koma chimamudya m'kati: maganizo oti wapha ndi iyeyo. Pa msinkhu umenewu amakhulupirira kuti zimene waganiza kapena kunena zimachitikadi. Tsono kumbukirani zimene makolofe timalankhula tikatopa: "Iwe mwana undipha ndi BP," "Ukapitiriza ndikusiya ndipite kutali." Mayi uja akamwaliradi, mwana amalumikiza yekha. N'chifukwa chake mawu oti "sunalakwe" ayenera kunenedwa kangapo, ndiponso mosazungulira: "Kulira kwako sikunawadwalitse. Kusamva kwako sikunawaphe. Anawapha ndi matenda."

Nkhani za ufiti zikambidwe kutali ndi makutu ake, ngati n'zoti zikambidwe n'komwe. Mwana akamva kuti amayi anawalodza ndi agogo, usiku n'kukagona ndi agogo omwewo, mukuganiza tulo tibwera? Choopsa kwambiri ndi pamene mwanayo wanena kuti "ndinalota amayi akundiitana" kapena "ndinawapha ndine", akuluakulu n'kutenga mawuwo ngati kuulula. Kulota womwalira n'kwachibadwa, ndipo kudziimba mlandu ndi chisoni chomwe ndafotokozachi. Lamulo la dziko lino la za ufiti, la mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mwana naye ndi munthu. Mlezi, mukamva manong'onong'o otere pa mwana wa pasukulu panu, dziwitsani mlangizi woteteza ana wa m'dera lanu tsiku lomwelo. Musadikire kuti ayambe amutengera kwa sing'anga kapena kwa mneneri.

Maliro akatha, tsiku losesa kapena pambuyo pake, abale amakhala pansi kugawana zovala ndi ana. Umphawi ndiwo umalamula, ndikudziwa. Ndi ochepa angatenge ana anayi nthawi imodzi. Komabe pa msonkhano umenewo pakhale wina womulankhulira wamng'onoyo. Wataya mayi. Mukamulekanitsanso ndi mchemwali wake amene amamubereka kumbuyo, n'kumuchotsa panyumba ndi pasukulu mwezi womwewo, ndiye kuti wafedwa kanayi. Ngati n'kotheka apite limodzi ndi mkulu wake mmodzi. Ngati kusamuka sikungapeweke, auzidwe kukadali masiku angapo, womutengayo ayambe wagona pakhomopo usiku umodzi kapena uwiri, ndipo zomunyamula ali mtulo kapena kumunamiza kuti "tikukagula maswiti" zilekeke. M'kachikwama kake muikemo kabuku ka kusikelo, kamene kamasowa kawirikawiri pa chipwirikiti cha maliro pomwe m'menemo ndimo mwalembedwa katemera ndi mankhwala ake. Muikemonso mbale kapena kapu imene anaizolowera, ndi chitenje chimodzi cha amayi ake, chosachapa. Chitenje chimenechi musachipeputse. Fungo la mayi limagoneka mwana amene nyimbo zonse zamulephera. Chipatuleni msanga chisanapite ndi azakhali a kutali, ndipo ngati mwambo ukuti zovala zonse zichapidwe, chapani, chidzathandizabe chifukwa maluwa ake amawadziwa. Za katundu wina, lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, ndipo ana ali m'gulu loyamba la oyenera kulandira.

Mwana wofedwa amabwerera m'mbuyo. Amene anasiya kuyamwa chala amayambiranso, wolankhula bwino amayamba kulankhula ngati wa zaka ziwiri, wodya yekha amafuna kudyetsedwa. Koma chimene chimaitana ndodo kwambiri ndi kukodza pogona. Sachitira dala. Ali mtulo, ndipo nkhawa ikachuluka, luso limene analiphunzira chaposachedwa ndilo limayamba kuthawa. Kumumenya, kumuopseza, kapena kuyanika mphasa yake poonekera kuti anzake amuseke kumangowonjezera nkhawa yomweyo, mkodzo n'kuchulukirachulukira. Chochita n'chapafupi. Yalani pepala la pulasitiki pansi pa nsalu yogonera. Amwe madzi okwanira masana, koma thobwa ndi tiyi zileke pakatsala ola limodzi kapena awiri kuti agone. Akakodze asanagone, inu mutamuperekeza. Ikani kachitini m'nyumba, chifukwa ana ena amadzuka ndithu koma amaopa mdima wa kuchimbudzi, makamaka pakhomo pamene pangochoka maliro. M'mawa akanyowetsa, mawu ndi awiri okha, "tiye tikachape", basi. Koma mkodzowo muziuyang'ana. Ngati muli magazi, makamaka kwa ana a kunyanja ndi kumadambo, likhoza kukhala likodzo. Ngati akulira pokodza kapena watentha thupi, m'njira ya mkodzo mungakhale matenda. Ngati akumwa madzi kosalekeza, akukodza pafupipafupi ndiponso akuwonda, akayezedwe shuga msanga. Zitatu zimenezi ndi za kuchipatala.

M'mawa pakhomo la sukulu m'pamene pamaoneka zambiri. Mwana wagwira chitenje cha agogo ndi manja onse awiri, nkhope waibisa m'miyendo mwawo. Agogo ambiri amadikira kuti atembenukire ku chidole, iwo n'kuzemba. Kuzemba kumathandiza tsiku limodzi lokha. Mawa lake mwana sayang'ananso chidole chilichonse, maso ali pa agogo, chifukwa waphunzira kuti munthu amatha kusowa ukangophethira, monga anasowera amayi. Njira imene imatithandiza ife ndi iyi. Mlezi mmodzi yemweyo azimulandira tsiku lililonse. Masiku awiri kapena atatu oyamba agogo akhale nawo m'kalasi kwa theka la ola. Nthawi ikakwana atsanzike poyera, mwachidule, ndipo nthawi yobwerera aitchule mmene mwana angamvere, poti wotchi saidziwa: "Ndikupita kudimba. Ukadya phala n'kuimba nyimbo yomaliza, undipeza pansi pa mango apo." Akatero apite osacheukacheuka, ngakhale mwana alire. Mlezi amunyamule kapena akhale naye pansi, ndipo m'malo moti "tonthola, palibe chachitika" anene kuti "ukufuna agogo, ndikudziwa, abwera tikadya phala". Tsono agogo afikedi pansi pa mango paja nthawi yake. Kuchedwa kwa theka la ola, kumene mwana wina sangakuzindikire n'komwe, kwa uyu kumafafaniza ntchito ya sabata yathunthu. Mukatanganidwa, tumizani uthenga ndi dzina la amene abwere m'malo mwanu.

Ena chisoni chimatulukira m'manja ndi m'mano. Amamenya, amaluma, amaphwanya ng'ombe zadothi za anzawo, makamaka akaona mnzawo akunyamulidwa ndi mayi ake. Apa pali maenje awiri. Loyamba ndi ndodo. Lachiwiri, limene amagweramo ndi anthu achifundo, ndi lija la "musiyeni, ndi wamasiye". Mwana amene malamulo onse amuchokera limodzi ndi mayi ake amaona ngati dziko laphwasuka, ndipo amawonjeza kuvuta pofufuza pamene pali malire. Akamenya mnzake, fikani pafupi, gwadani, gwirani manja ake mofatsa koma molimba, mutchule za mumtima mwake ndi lamulo nthawi imodzi: "Wakwiya kwambiri. Kumenya ayi." Mutonthoze womenyedwayo iye akuona. Mukhale naye pambali mphindi zitatu kapena zinayi mpaka kupuma kwake kutsike. Osamutsekera yekha m'chipinda, chifukwa kusiyidwa yekha ndilo bala lake lenilenilo. Kenako mupatseni ntchito yofuna mphamvu, monga kukanya dothi loumbira kapena kunyamula mabenchi. Za kupepesa mukambe mtima utatsika. Mwana amene akukuwa samva ulaliki.

Amene timamuphonya kawirikawiri ndi wofatsa uja. Savuta, salira, amangokhala pakona, aliyense n'kumamuyamikira kuti wapirira ngati wamkulu. Musanafike pa za mumtima, yambani ndi thupi, chifukwa mwana amene wataya womuphikira amatha kufooka ndi njala, malungo kapena kuchepa kwa magazi, ndipo zonsezi zimaoneka ngati chisoni. Onani m'kati mwa chikope cha m'munsi ndi m'zikhatho. Mukayera, akayezedwe magazi. Mlangizi wa zaumoyo amuyeze kukula kwa mkono ndi kalamba koyezera ana. Kwa mwana wosakwana zaka 5, pansi pa masentimita 12.5 ndiye kuti wayamba kunyentchera, pansi pa 11.5 n'zoopsa ndipo afunika chiponde cha kuchipatala. Mapazi onse awiri akatupa, athamangire naye komweko. Funso limene abale amachita nalo manyazi lifunsidwenso: kholo linamwalira ndi chiyani? Ngati panali kachilombo ka HIV, kapena palibe akudziwa, mwana akayezedwe. Ngati chinali chifuwa chachikulu cha TB ndipo ankagona nyumba imodzi, akapimidwe, poti ana osakwana zaka 5 amapatsidwa mankhwala oteteza ngakhale asakutsokomola. Ngati mwanayo anali kale pa ma ARV, dziwani kuti amene ankakumbukira nthawi ya mankhwala ndi amene wapitayo. Pasankhidwe munthu wina, womutchula dzina, lero lomwe.

Thupi likapezeka lili bwino, musamupanikize ndi mafunso a "ukumva bwanji?" Sangayankhe. Mupatseni mphindi 10 tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo, inu ndi iye basi, mutakhala moyandikana manja ali pa ntchito: kutongola chimanga, kuumba, kujambula pamchenga ndi kamtengo. Iye atsogolere, inu muzingonena zimene mukuona: "Waumba ng'ombe yaikulu ndi kamwana kake." Mawu amatuluka okha, mwina sabata yachiwiri kapena yachitatu, ndipo amatuluka maso ali pa dothi.

Masanje adzakuuzani zambiri kuposa pakamwa pake. Mudzaona ana atatu kapena anayi kuseri kwa kalasi. Atenga chitsononkho, achikulunga m'kansanza, achigoneka m'kakatoni ka sopo. Wina ndi m'busa, wina akukumba kadzenje ndi kamtengo. Wofedwa uja ndiye akuyendetsa mwambo wonse, akuuza anzake poyenera kulira ndi poyenera kuimba. Akwirira, aika timaluwa pamwamba, kenako afukula chitsononkho chija, achisasa dothi, n'kuyambiranso. Akuluakulu akaona zimenezi amanjenjemera, amati ana akuitana maliro ena, n'kuwabalalitsa. Asiyeni. Umu ndi mmene mwana amatafunira chinthu chimene sangachimeze chathunthu, ndipo kufukula kuja ndi funso lomwe lija la "abwera liti?" Khalani chapatali mumvetsere, chifukwa m'masanjemo ndi momwe mudzadziwire ngati akuganiza kuti amayi akumva njala m'manda, kapena kuti dothi likuwalemera. Mukamva zotere, madzulo mumubwerezere kuti thupi la womwalira silimva kanthu. Masewerawa amachepa okha. Amadetsa nkhawa pokhapokha ngati akubwereza chinthu chimodzi choopsa tsiku ndi tsiku, nkhope ili gwa, osalola mnzake kusintha kalikonse.

Dzina la womwalira lisasanduke choletsedwa. Pakhomo pambiri zithunzi zimabisidwa, ndipo mwana akatchula amayi ake nkhani imasinthidwa, iye n'kuphunzira kuti kukumbukira n'kulakwa. Muzimuuza tinkhani tating'onoting'ono: amayi ako ankakonda futali, ankaseka ngati iweyo. Chitini cha mkaka chopanda kanthu chikhoza kusunga chithunzi, ndolo ndi mpango. Chithunzi cha m'foni chikatsukidwe, poti foni imatayika kapena kugulitsidwa. Ndipo "wamasiye" lisakhale dzina lake. Alendo akabwera pasukulu, zoimika ana amasiye kutsogolo kuti awerengedwe n'zochititsa manyazi. Mayina ali m'kaundula, alendo akaone m'menemo.

Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 pa tsiku kuphatikiza tulo ta masana, ndipo sabata ya maliro imasokoneza zonsezo. Bwezerani ndondomeko yakale msanga: kusamba, kudya, nthano imodzi, pemphero, kugona. Nthano za afisi ndi mizukwa ziyambe zadikira. Akalota zoopsa amadzuka, amakuzindikirani, amafuna kukumbatiridwa, teroni. Koma pali china chosiyana. Maola oyamba a tulo amakuwa, maso ali tong'o koma sakukuonani, thukuta lili kamukamu, ndipo m'mawa sakumbukira kanthu. Si ziwanda. Musamugwedeze kapena kumuthira madzi, ingoonetsetsani kuti asadzipweteke, zimatha pakapita mphindi zochepa. Kukomoka kophupha manja ndi miyendo, kotuluka thovu kapena kobwera ndi kutentha thupi ndi nkhani ina, ya kuchipatala usiku womwewo.

Ana amene anaona imfayo ndi maso awo amasenza katundu wina wapadera. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagumula phiri la Soche pa Chilobwe ku Blantyre n'kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, anasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa, ndipo mwana amene anapulumuka m'matope aja mumamudziwa mvula ikagunda pamalata. Wotere, kaya anaona madzi, ngozi ya pamsewu kapena ndewu, musamukakamize kufotokoza zimene anaona, ndipo alendo asamamufunsefunse. Muchenjezeni chomuopsacho chisanafike: "Kukubwera mvula, ichita phokoso padenga, ife tili muno limodzi." Mukhale naye pafupi, mupume naye pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala lotentha. Kumene mtembo sunapezeke musapeke nkhani. Nenani zimene zilipo, kuti anthu anafunafuna, sanawapeze, ndipo tikudziwa kuti anamwalira.

Inu womulera, nanunso mwafedwa. Kulira mwana akuona si kulakwa, bola mumuuze chifukwa chake: "Ndikulira chifukwa ndawasowa amayi ako. Iwe sunandilakwire." Chimene chimamuopsa ndi kholo limene lakhala duu masabata, osasamba, osaphika, kapena limene lathawira ku kachasu. Maliro n'kulirana, tsono achibale ndi a mpingo asathere pa chipepeso cha tsiku loika. Mwezi wachiwiri ndi wachitatu, anthu atabalalika, m'pamene pakhomo pamafunika munthu. Muyang'anenso mtsikana wa zaka 10 kapena 12 amene mwakachetechete wasanduka mayi wa pakhomopo. Kuthandiza athandize, koma sukulu asasiye, ndipo mng'ono wake akadwala usiku pakhale wamkulu woti amudzutse.

Ana ambiri, akapeza munthu mmodzi wokhazikika ndi tsiku losasinthasintha, amayamba kubwerera mwakale m'masabata angapo, ngakhale chisoni chimapitirira. Funani thandizo ngati patha miyezi iwiri zinthu zikungoipiraipira, ndipo musadikire n'komwe ngati wasiyiratu kulankhula, akukana chakudya mpaka kuwonda, akudzipweteka dala, kapena akunena kawirikawiri kuti akufuna kufa kuti akawapeze amayi. Mawu omalizawa nthawi zambiri amatanthauza "ndawasowa", koma musawanyozere. Mankhwala a makoswe, a mbewu ndi a kudimba akwezedwe n'kutsekeredwa, chitsime chivundikiridwe, ndipo mupite naye kuchipatala. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo kapena chipatala chaching'ono; akutumizani kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu kumene kuli anamwino a matenda a maganizo. A bungwe la St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amagwiranso ntchito imeneyi. Ngati mwana wayamba kuopa munthu wina wake wa pakhomo latsopanolo, ali ndi mabala osadziwika chiyambi chake, akumva kuwawa kumaliseche, kapena akuchita masewera a zogonana osagwirizana ndi msinkhu wake, musamuchulukitsire mafunso nokha. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Ngati mukukayikira kuti wagwiriridwa, afike kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyo.

Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, mwana uja ali mu Sitandade 1 kapena 2, nkhani imene mumayesa kuti inatha imadzukanso. Tsopano nzeru zakhwima, wazindikira tanthauzo la "sabweranso", ndipo amatha kulira ngati maliro achitika dzulo. Mafunso amakhalanso ena: anadwala chiyani kwenikweni, inu munali kuti, nanenso ndidzafa? Kumeneku ndi kukula, tsono muyankheni zoona zolingana ndi msinkhu watsopanowo. Pokamulembetsa ku pulayimale, mutengereni pambali mphunzitsi wake mumuuze, kuti tsiku limene adzauze kalasi kuti aliyense ajambule mayi ake, kapena likamayandikira Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, adzayambe wafika pamene wakhala mwanayo n'kumufunsa motsitsa mawu kuti iye akufuna kujambula ndani.